John Hutchinson, Dokotala Amene Anayeza Mpweya wa M'mapapo

Musanapitirize kuwerenga, tayesani ichi pomwe mwakhalapo. Wongolani msana, kokani mpweya mpaka chifuwa chidzaze, kenaka utulutseni wonse mpaka mumve kuti palibenso wotsala. Kodi mpweya mwatulutsawo ndi wochuluka bwanji? Ungadzaze kapu, botolo la malita awiri, kapena chigubu cha malita asanu? Lembani yankho lanu m'mphepete mwa tsambali. Tidzalifuna kutsogoloku.

Aphunzitsi ambiri ndikawafunsa funsoli amayamba aseka kaye, poganiza kuti chinthu chosaoneka ndi maso sichingayezedwe. Komatu m'zaka za m'ma 1840 ku London kunali dokotala wina amene ankangokhalira kuchita zomwezi: kuitana asilikali, apolisi, amalinyero ndi amphawi kuti auzire mpweya m'chitini, iye n'kumalemba manambala. Dzina lake linali John Hutchinson. Chipangizo chake, chimene anachitcha spirometer, ndicho kholo la makina amene zipatala zimayezera kagwiridwe ntchito ka mapapo. Mbiri yake taiika m'gawo lino chifukwa ikukhudza phunziro la kapumidwe limene mumaphunzitsa m'kalasi, komanso chifukwa ikuonetsa bwino chinthu chimene mphunzitsi aliyense amakumana nacho pochonga mayeso: nambala payokha sinena kanthu mpaka utaiyerekeza ndi inzake.

Kwawo kunali kumigodi

Hutchinson anabadwa mu 1811 m'dera la Newcastle upon Tyne, kumpoto chakum'mawa kwa England. Derali linali la migodi ya malasha, ndipo migodi ya masiku amenewo inali manda osakwirira. Mpweya woyaka unkaunjikana pansi pa nthaka, ukakumana ndi moto wa nyali n'kuphulika. Mu 1812, iye ali khanda la chaka chimodzi, mgodi wa Felling kufupi ndi kwawoko unaphulika n'kupha amuna ndi anyamata 92. Mwana wokulira kumalo otere ankamva nkhani za mpweya wabwino ndi woipa tsiku ndi tsiku, monga momwe mwana wa kunyanja amamvera nkhani za mwera. Chidwi chake pa migodi sichinathe ngakhale atakhala dokotala, moti mu 1849 anakapereka umboni ku komiti ya House of Lords imene inkafufuza za ngozi za m'migodi ya malasha.

Mu 1834 anapita ku London kukaphunzira udokotala pa koleji imene imadziwika kuti University College, ndipo mu 1836 analandiridwa m'bungwe la madokotala a opaleshoni la Royal College of Surgeons. Anali munthu wa luso la manja. Ankaimba vayolini, ankajambula, ndipo ankakonda zamakina. Koma chimene chinamukankhira pa ntchito imene tikumukumbukira nayo si chipinda cha opaleshoni ayi. Ndi inshuwalansi. Iye ankayeza anthu ofuna kugula inshuwalansi ya moyo ku kampani ya Britannia Life, ndipo kampani yotere imafuna kudziwa chinthu chimodzi basi: kodi munthu ameneyu, wooneka wathanzi lero, akhala ndi moyo zaka zingati?

Funsoli linali lovuta chifukwa cha chifuwa chachikulu. Nthendayi inkapulula anthu m'mizinda ya ku England, makamaka achinyamata ndi a zaka zapakati, ndipo inkayamba mwakachetechete. Kumbukirani kuti kachirombo koyambitsa nthendayi kanadziwika mu 1882, atakapeza Robert Koch, ndipo X-ray inabwera mu 1895. M'masiku a Hutchinson dokotala anali ndi zala zogogodera pachifuwa, ndi kachipangizo komvetsera m'chifuwa kamene René Laennec wa ku France anapanga mu 1816. Khutu ndi chida chabwino, koma madokotala awiri akhoza kumvetsera chifuwa chimodzi n'kumva zosiyana, ndipo nthawi zambiri khutu limayamba kumva nthenda itakhazikika kale. Hutchinson ankafuna muyeso woti aliyense akauwerenga apeze nambala yomweyo.

Chitini chovundikira m'madzi

Chipangizo chakecho n'chosavuta kumvetsa. Taganizirani mgolo waung'ono wodzaza madzi. M'kati mwake mwavundikiramo chitini china chocheperako, kukamwa kwake kuli pansi, ndipo chamira. Paipi yachokera kunja n'kukatulukira m'kati mwa chitini chovundikiracho, pamwamba pa madzi. Munthu akauzira m'paipimo, mpweya ulibe kothawira chifukwa madzi atseka pansi, ndiye umakankha chitinicho n'kuyamba kukwera. Kuti munthu asavutike kunyamula kulemera kwa chitini ndi mpweya wake, Hutchinson anachimangirira ku zingwe zodutsa pa timawilo, kumapeto kwake kukulendewera zitsulo zolemera mofanana nacho. Pambali panali muyeso wa mizere wosonyeza kuchuluka kwa mpweya umene walowa. Anaikaponso choyezera kutentha, pakuti mpweya umafufuma ukatentha n'kunyala ukazizira, ndipo manambala ake onse ankawawerengetsera pa kutentha kumodzi, madigiri 60 pa muyeso wa Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi madigiri 16 pa muyeso umene timagwiritsa ntchito m'masukulu.

Tinene chilungamo, sanali woyamba kuyeza mpweya wa munthu. Humphry Davy anayeza wa m'mapapo ake omwe cha m'ma 1800, ndipo madokotala ena a ku England, monga Edward Kentish ndi Charles Thackrah, anali atayesapo zipangizo zawo. Hutchinson anawaposa pa zinthu ziwiri: anagawa mpweya wa m'mapapo m'magawo omveka bwino, ndipo anayeza anthu ochuluka kwambiri moti anatha kunena kuti munthu wabwinobwino amayenera kutulutsa wochuluka chotani.

Magawowo mukhoza kuwamva m'thupi mwanu. Mukakhala phee, mpweya umene umalowa ndi kutuluka pa kupuma kulikonse ndi wochepa, pafupifupi theka la lita kwa munthu wamkulu. Mukamaliza kukoka mpweya mwa masiku onse, mukhoza kukokanso wina wambiri pamwamba pake. Mukamaliza kutulutsa mwa masiku onse, mukhoza kufinyanso wina. Magawo atatuwa mukawaphatikiza, ndiwo mpweya wonse umene munthu angatulutse atadzaza chifuwa, uja munatulutsa poyamba paja. Hutchinson anautcha m'Chingerezi kuti vital capacity, dzina lotanthauza mlingo wa moyo, ndipo madokotala akulitchulabe choncho. Koma ngakhale mufinye bwanji, pamatsala mpweya wina umene sutuluka, woposa pang'ono lita imodzi kwa munthu wamkulu. Umenewu spirometer singauyeze, poti imangowerenga zimene zatuluka pakamwa. Ophunzira anu ambiri amaganiza kuti mapapo amaphwa ngati chibaluni munthu akatulutsa mpweya. Apa ndi pabwino kuwawongolera.

Anthu 2,130

Mu 1844 Hutchinson anaonetsa chipangizo chake ku bungwe la Society of Arts ku London, ndipo mu 1846 anasindikiza lipoti lake lalikulu, la masamba oposa 100, m'magazini ya madokotala yotchedwa Medico-Chirurgical Transactions. Mmenemo munali miyeso ya anthu 2,130. Mndandanda wawo umasangalatsa kuwerenga, chifukwa uli ngati munthu waima pamsewu wa mu London n'kumaona odutsa. Gulu lalikulu linali la asilikali a pamadzi a ku Woolwich, okwana 573. Panali amisiri ndi antchito osiyanasiyana 370, amalinyero a zombo zamalonda 121, ozimitsa moto 82, apolisi a mumzinda 144 ndi a pamtsinje wa Thames 76, amphawi 129, osindikiza mabuku 73, mabwana 97, ankhonya ndi ogwetsana 24, ndi magulu ena a asilikali. Panalinso anthu anayi amene anali ataliatali zedi kapena aafupi zedi, ndi odwala 60. Atsikana analipo 26 okha. Nambala yomalizayi muisunge, tibwereranso kwa iyo.

Aliyense ankamuyeza kutalika, kulemera ndi kukula kwa chifuwa, n'kulemba zaka zake, kenaka n'kumuuziritsa ali chiimire. Ntchito yotopetsa imeneyi, yopanda makina owerengetsera, inatulutsa chinthu chimene ambirife sitingachiyembekezere. Mukafunsa anthu kuti ndani ali ndi mpweya wambiri, amaloza munthu wa chifuwa chotambasuka, wa nyama zake. Hutchinson anapeza kuti kukula kwa chifuwa poyeza ndi tepi sikunena zambiri. Chimene chimayendera limodzi ndi mpweya ndi kutalika kwa munthu. Kwa amuna a pakati pa masentimita 152 ndi 183, inchi iliyonse yowonjezera pa kutalika inkabwera ndi ma cubic inch 8 a mpweya. M'miyeso ya masiku ano, ndiye kuti pa masentimita awiri ndi theka alionse pamawonjezeka mamililita pafupifupi 130, theka la kapu ya tiyi. Mwamuna wotalika masentimita 170 mpaka 173 ankayembekezeka kutulutsa ma cubic inch 230, omwe ndi malita pafupifupi 3.8. Anaonanso kuti mpweya umayamba kuchepa munthu akapitirira zaka za m'ma 30, ndiponso kuti kunenepa kwambiri kumauchepetsa.

Ine ndimaona kuti chimene Hutchinson anatisiyira chenicheni ndi tchati chimenechi, osati chitini chija. Chitini wina aliyense wa luso akanatha kuchikhoma. Mwana akabwera kunyumba n'kunena kuti wapeza 40 pa mayeso, kholo lanzeru limafunsa kaye kuti 40 pa zingati, nanga teremu yatha anapeza zingati. N'chimodzimodzi ndi mapapo. Malita atatu ndi abwino kwa mayi wamfupi wa zaka 50, koma ndi chenjezo kwa mnyamata wamtali wa zaka 25. Popanda tchati chosonyeza zoyembekezeka, dokotala ali ndi nambala yopanda mwini.

Ntchito 1

Pogwiritsa ntchito lamulo la Hutchinson la mamililita 130 pa masentimita 2.5 alionse, pezani mpweya woyembekezeka kwa mwamuna wotalika masentimita 160 ndi wina wotalika masentimita 180, poyambira pa malita 3.8 kwa wa masentimita 170. Mukatero ganizirani: kodi funso limeneli mungaliphunzitse mu phunziro la masamu, la sayansi, kapena onse awiri? M'kalasi iti?

Chimphona cha ku America

Mwa anthu onse amene Hutchinson anayeza, amene amakumbukiridwa kwambiri ndi Charles Freeman, chimphona cha ku America chimene chinabwera ku England kudzaonetsedwa kwa anthu ndi kudzamenya nkhonya. Kumapeto kwa 1842 Freeman anamenyana ndi katswiri wina wa ku England, William Perry, ndipo chaka chomwecho Hutchinson anamuyeza ali wathanzi. Anali wotalika mamita 2 ndi masentimita 11. Atauzira m'chitini muja anatulutsa ma cubic inch 434, malita oposa 7.

Patatha zaka ziwiri, mu November 1844, Freeman anabwereranso ku London thupi lisakumukomera. Hutchinson anamuyeza kambirimbiri pa masiku osiyanasiyana, ndipo pakatikati pa miyeso yonseyo panali pa 344, malita pafupifupi 5.6. Mpweya unali utatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo asanu. Anamutengera kwa madokotala awiri odziwa bwino kumvetsera m'chifuwa, ndipo onse awiri sanamve nthenda iliyonse m'mapapo mwake. Chaka chisanathe, mu October 1845, Freeman anamwalira m'chipatala cha ku Winchester ndi chifuwa chachikulu.

Taimani kaye pa manambala amenewa. Malita 5.6 ndi ochuluka kuposa amene amuna ambiri athanzi angatulutse. Dokotala wongomuona Freeman koyamba tsiku limenelo akanamuyamikira kuti ali ndi mapapo a njovu. Chinaulula nthenda ndi kuyerekeza: munthu yemweyo, chipangizo chomwecho, zaka ziwiri m'mbuyomo. Ichi ndi chifukwa chake anthu ogwira ntchito m'malo a fumbi amayenera kuyezedwa poyamba ntchito, kenaka mobwerezabwereza, ndipo zotsatira zake n'kusungidwa. Muyeso woyambawo umaoneka ngati wopanda ntchito, poti munthuyo sakudwala, koma ndi umene udzapereke tanthauzo kwa yotsatirayo.

Pali malire ake amene tiyenera kuwanena. Chitini chinasonyeza kuti china chake chalakwika m'chifuwa cha Freeman, koma sichinatchule dzina la nthendayo. Spirometer imayeza zimene mapapo akutha kuchita, osati chimene chikuwawononga.

Kuchoka ku London

Pofika mu 1850 Hutchinson anali dokotala wothandizira pa chipatala cha Brompton, chimene chinali cha odwala chifuwa chachikulu ndi matenda ena a m'chifuwa. Analemba nkhani yaitali yofotokoza chifuwa cha munthu m'buku lalikulu la maphunziro a thupi limene Robert Todd ankakonza, ndipo mu 1852 anatulutsa kabuku kolangiza makampani a inshuwalansi mmene angagwiritsire ntchito spirometer, chomvetsera m'chifuwa ndi sikelo poyeza anthu. Dzina lake linali litamveka mpaka ku Germany, kumene madokotala anayamba kupanga zipangizo zofanana ndi chake. Komabe madokotala wamba sanachilandire monga analandirira chomvetsera m'chifuwa. N'zomveka: china umachiika m'thumba, china ndi mgolo wa madzi wofuna malo, nthawi, ndi wodwala womvetsa malangizo.

Chaka chomwecho cha 1852, ali ndi zaka 41, anasiya ntchito, mkazi ndi ana atatu, n'kukwera chombo kupita ku Australia, kumene anthu ankakhamukira chifukwa cha golide amene anali atangopezeka ku Victoria. Anagwira ntchito ya udokotala ku Melbourne ndi ku tawuni ya migodi ya Sandhurst, imene pano ndi Bendigo. Ntchito yaikulu yoyeza mapapo inathera ku London. Kumeneko sanatulutsenso china chofanana nayo. Mu 1861 anawolokera ku zilumba za Fiji, ndipo anamwalira komweko chaka chomwecho ali ndi zaka 50. Mabuku a sukulu amakonda kupereka anthu otchuka ngati opanda banga. Uyu anali katswiri woleza mtima pa manambala, komanso bambo amene anathawa banja lake, ndipo sindikuona chifukwa chobisira ophunzira akuluakulu mbali yachiwiriyi.

Zimene anawonjezera obwera pambuyo

Chinthu chimodzi chachikulu chinasowa pa muyeso wa Hutchinson: nthawi. Iye ankafunsa kuti mpweya watuluka wochuluka bwanji, osati watuluka mwachangu bwanji. Koma munthu wa mphumu, kapena amene njira za mpweya zaphinjika ndi utsi wa fodya, akhoza kutulutsa pafupifupi mpweya wake wonse mukamupatsa nthawi. Vuto lake n'lakuti umatuluka pang'onopang'ono, ngati madzi a pampopi wotsekeka ndi dzimbiri. Panatenga zaka 100 kuti mpata umenewu utsekedwe. Mu 1947 Robert Tiffeneau ndi André Pinelli ku Paris anayamba kuyeza mpweya wotuluka m'sekondi yoyamba, ndipo mu 1951 Edward Gaensler ku America anamangirira choyezera nthawi pa spirometer. Mu 1959 Martin Wright, amene anagwirapo ntchito pa malo ofufuzira matenda a fumbi a anthu a m'migodi ku Wales, anatulutsa kachipangizo ka m'manja koyeza liwiro lalikulu la mpweya wotuluka. Zidzukulu zake ndi timapaipi tapulasitiki tija odwala mphumu ena amasunga kunyumba.

Spirometer ya masiku ano ilibe madzi. Ndi kamakina kogwira m'dzanja kapena kolumikiza ku kompyuta, ndipo kuti aone ngati kakuwerenga molondola amakapopera mpweya wodziwika kale, malita atatu, ndi chijakisoni chachikulu. Woyezedwa amakhala tsonga, amamupana mphuno, amakoka mpweya mpaka kudzaza, n'kuuphulitsa m'paipi mwamphamvu ndi mwachangu, osasiya mpaka utatheratu. Amabwereza mpaka papezeke maulendo atatu abwino, ndipo awiri apamwamba asasiyane ndi mamililita oposa 150. Woyezayo amachita kukuwa polimbikitsa, ngati mphunzitsi wa masewera, chifukwa munthu akauzira mwaulesi nambala imanama.

Manambala ofunika ndi awiri. Yoyamba ndi mpweya wonse wotuluka, imene amailemba kuti FVC, mdzukulu wa muyeso wa Hutchinson uja. Yachiwiri ndi wa m'sekondi yoyamba, FEV1. Munthu wamkulu wathanzi amatulutsa magawo atatu mwa anayi a mpweya wake, kapena kuposerapo, m'sekondi imodzi yokhayo. Zikatsika kufika pansi pa 70 pa 100 alionse ngakhale atamupatsa mankhwala opopera otsegula njira za mpweya, dokotala amaganizira nthenda yokhalitsa yotseka njira za mpweya, ya COPD, imene imabwera ndi fodya, fumbi la kuntchito, kapena utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda mawindo. Nambala zikakwera kwambiri mankhwala aja atalowa, zimalozera ku mphumu. Mpweya wonse ukakhala wochepa koma ukutuluka mwachangu, mwina mapapo auma kapena ali ndi zipsera, monga zimachitikira ena amene anachira chifuwa chachikulu, ndipo pamafunika kuyeza kwina. Ubwino wake ndi womwe uja wa kwa Freeman: manambala amayamba kutsika munthu asanayambe kudandaula za befu, pakuti ambirife tikayamba kubanika pokwera chitunda timangoti ndi ukalamba. Koma chonde musasokoneze: chifuwa chachikulu sachipeza ndi spirometer. Amachipeza poyeza makhololo ndi kujambula X-ray, ndipo munthu amene akuganiziridwa kuti ali nacho sayenera kuuzira m'makinawa, kuopa kupatsira ena.

Tsopano tibwerere kwa atsikana 26 aja. Tchati cha Hutchinson chinali cha amuna a ku England, ambiri mwa iwo asilikali ndi apolisi, anthu osankhidwa kale chifukwa cha thanzi lawo. Funso lakuti munthu tikumuyerekeza ndi yani linadzakhala ndi mbiri yowawa. Ku America, Samuel Cartwright, dokotala woikira kumbuyo ukapolo, ananena m'zaka za m'ma 1850 kuti anthu akuda ali ndi mapapo ochepa mphamvu, ndipo mu 1869 Benjamin Gould anasindikiza miyeso ya asilikali imene inalimbikitsa maganizo omwewo, osaganizira mokwanira za njala, ntchito ndi malo amene anthuwo anakuliramo. Kwa zaka zambiri makina ankatsitsa nambala yoyembekezeka woyezedwayo akakhala wakuda. Taganizirani zotsatira zake: mukatsitsa malikisi okhozera, mapapo owonongeka amaoneka ngati akhoza. Mu 2023 bungwe la American Thoracic Society linalangiza kuti kuwerengera mtundu wa munthu kotereku kulekeke.

Kwa ife a kuno kum'mwera kwa Africa nkhaniyi si yakutali. M'midzi yambiri ya ku Malawi, Mozambique, Lesotho ndi mayiko oyandikana nawo muli madala amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela kapena ku Theba, n'kubwerako ndi fumbi la miyala ya golide m'mapapo. Nthenda yake, silicosis, imatha kuonekera patapita zaka munthu atasiya ntchito, ndipo imatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Mu 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana R5 biliyoni pakati pa makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide ndi anthu amene anadwalira kumeneko, ndipo panakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizipereka chipukuta misozi. Pamgwirizanowo, X-ray imasonyeza ngati nthendayo ilipo, pamene kuuzira mu spirometer kumathandiza kusonyeza kuti mapapo awonongeka kufika pati, ndipo ndalama zimatengera zimenezo. Mwana wa kumigodi ya malasha uja anapanga chida chimene chikuyezabe anthu a m'migodi.

Ntchito 2

Pangani spirometer yanu. Pezani chigubu choonekera m'kati cha malita asanu, beseni lalikulu, paipi yofewa yotalika ngati mkono, ndi cholembera chosafufutika. Thirani theka la lita la madzi m'chigubu, lembani mzere pamene afika, onjezani theka lina, lembaninso, mpaka chidzaze. Tsekani pakamwa pake, chizondotseni m'beseni la madzi, tsegulani pakamwapo pali pansi pa madzi, n'kulowetsa nsonga ya paipi. Mnzanu agwire chigubu chili chilili. Kokani mpweya wodzaza chifuwa, tsinani mphuno, uzirani mpaka utha. Mpweya ukankha madzi kutuluka, ndipo malo amene atsala opanda madzi ndiwo muyeso wanu. Yesani katatu n'kutenga nambala yaikulu. Iyerekezeni ndi ija munalemba m'mphepete mwa tsamba loyamba.

Mukafuna kuchita ndi kalasi, yezaninso kutalika kwa wophunzira aliyense, ndipo ajambule galafu ya kutalika ndi malita kuti aone okha ngati Hutchinson ananena zoona. Aliyense akhale ndi kachidutswa kake ka paipi koika pakamwa, asakoke mpweya kudzera m'paipimo, ndipo amene ali ndi chimfine kapena chifuwa akhale mlembi tsiku limenelo. Auzeni poyambirira kuti uwu si mpikisano ndiponso si chipatala. Wamfupi apeza zochepa, ndipo n'zoyenera kutero. Mwana amene wakhala akutsokomola kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, kapena amene amalira m'chifuwa akathamanga, makolo ake muwalangize kupita naye kuchipatala, zilibe kanthu kuti chigubu chasonyeza chiyani.

Ine nditayesa koyamba ndi kalasi ya sukulu ya kwacha ndinalakwitsa pawiri. Ndinatenga botolo la malita awiri, ndipo bambo wina wamtali analikhuthula lonse mpweya udakalipo, wotsalawo n'kumangobwadamuka m'beseni. Beseninalo ndinali nditalidzaza mpaka m'milomo, osaganiza kuti madzi otuluka m'botolo afuna kopita, moti anasefukira pa mabuku a amayi a kutsogolo. Thirani madzi ofika theka la beseni basi, ndipo ngati n'kotheka kachitireni panja.